Makanema a Zamagetsi a pa YouTube: Kodi Ndi Oyenera Ana Athu?

Mphunzitsi wa sayansi masiku ano sali yekha pa ntchito yake. Mwana akaŵeruka, amakatenga foni ya mkulu wake nayamba kuonera akatswiri akumasula wailesi, akulumikiza mawaya ndi kuyatsa timababu, ndipo m'maŵa mwake amafika m'kalasi ndi mafunso. Makolo nawonso amatifunsa ngati nkwabwino kuti ana aziona zimenezi. Tiyenera kukhala ndi yankho lomveka, pakuti pa nkhani ya magetsi kulakwitsa kamodzi kokha kungathe kuchotsa moyo.

Ubwino wake

Tisayambe ndi kuletsa. M'chaka cha 2002, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, ali mnyamata wosiyira sukulu panjira chifukwa chosoŵa fizi, adapanga makina a mphepo opatsa magetsi pogwiritsa ntchito dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotayidwa. Chidamtsogolera ndi zithunzi za m'buku lotchedwa Using Energy. Nthaŵi imeneyo YouTube kunalibe, popeza idayamba mu 2005. Ngati zithunzi zosayenda zidatsegula maso a mwana chotere, nanga kanema woonetsa dzanja likugwira ntchito? M'sukulu zosoŵa zipangizo, kanema wabwino amaonetsa mwana zimene choko sichingathe kulongosola.

Pamene pagona ngozi

Komabe tidziŵe kuti matchanelo otchuka sadakonzedwere ana. Dave Jones wa ku Sydney, mwini EEVblog, amalankhula makamaka kwa anthu odziŵa kale ntchitoyi. Mehdi Sadaghdar wa ElectroBOOM, wokhala ku Canada, amaphunzitsa moseketsa podzigwiritsa nyesi ndi kuthethetsa moto. Iye ndi injiniya wodziŵa malire a zimene akuchita, koma mwana wa Sitandade 6 amangoona kuti munthu wagwidwa nyesi, wafuula, kenaka wadzuka akuseka. YouTube yeniyeniyo salola mwana wosakwana zaka 13 kudzitsegulira yekha akaunti.

Zoopsa zazikulu zilipo zinayi. Choyamba ndi magetsi a pakhoma, amene kuno kwathu ndi a mavolti 230. Chachiŵiri ndi capacitor, kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi, kamene kangathe kumenya munthu ngakhale pulagi itazulidwa kale. Chachitatu ndi thiransifoma ya mu microwave, yotulutsa mavolti pafupifupi 2,000. Makanema ojambula maluŵa pa thabwa poliwotcha ndi thiransifoma yotere adaphetsa anthu ku America, kotero kuti mu 2017 bungwe la American Association of Woodturners lidaletsa mchitidwewu pa zochitika zake. Chachinayi ndi mabatire a lithium a m'mafoni ndi m'malaputopu, amene amayaka moto akabooledwa kapena akagunditsidwa mawaya molakwika.

Muyeso wosankhira

Tsono funso loti tchanelo chakuti ndi chabwino kapena ayi silitithandiza kwenikweni, chifukwa tchanelo chimodzi chomwecho chimaonetsa lero kuyatsa kababu, maŵa kumasula microwave. Tiyese kanema aliyense payekha, ndipo funso loyamba likhale ili: kodi mphamvu ikuchokera kuti? Ngati ikuchokera ku batire la tochi la mavolti 1.5 kapena la mavolti 9, mwana wa pulaimale angathe kuyesera pamaso pa wamkulu. Ngati ikuchokera ku soketi, kanemayo ndi wongoonera pamodzi ndi mphunzitsi, ndipo palibe mwana woloredwa kutsanzira. Kuwotcherera mawaya kuyembekeze a kusekondale, kuchitikire pamalo popita mphepo, ndipo asambe m'manja akatha, chifukwa solder wina amakhala ndi mtovu.

Chitsanzo cha phunziro

Mphunzitsi ayambe waonera yekha kanemayo mpaka kumapeto, nasankhe chigawo chachifupi, cha mphindi zosaposa zisanu. Tiyerekeze kuti wasankha choyatsa LED yofiira ndi batire la mavolti 9. Asanafike poyatsa, aimitse kanema nafunse ophunzira chimene chingachitike LED italumikizidwa popanda resistor. Kenaka aŵerengere pamodzi pa bolodi: LED imatenga mavolti pafupifupi 2, otsala ndi 7, tikagaŵa 7 ndi maampeya 0.02 tipeza maohm 350. Resistor ya maohm 390 kapena 470 ndiyo yoyenera. Ophunzira alumikize m'magulu, atembenuze miyendo ya LED kuti aone kuti imayakira mbali imodzi yokha, ndipo ajambule dera la magetsilo m'makope mwao.

Phunziro lisathe popanda chigawo chachiŵiri. Mphunzitsi aonetse kanema wa munthu wogwira magetsi a pakhoma, naŵafunsa ana kuti atchule zimene mkuluyo akudziŵa ndi zida zimene ali nazo zomwe iwo alibe. Apa mpamene mwana amaphunzira kusiyanitsa yekha, ndipo nzeru imeneyi ndiyo idzamteteze usiku ali yekha ndi foni.

Pomaliza, nkhaniyi ifike ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Makolo ambiri sadziŵa Chingerezi cha m'makanemaŵa, koma lamulo lathu angathe kulisunga mosavuta: za batire la tochi mwana ayesere, za pakhoma asakhudze. Mwana wokonda kumasula wailesi tisamuthamangitse. Timpatse batire, waya ndi kababu, ndipo tikhale naye pafupi.