Laputopu yochokera ku Joni: musazimitse Windows Update

Malaputopu ambiri omwe ali m'nyumba za pa boma la Mzimba, ku Embangweni, ku Edingeni ndi pa Jenda anabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni. Ikangofika, laputopu imapita kwa mnyamata wokonza makompyuta kuti aikemo Windows, nyimbo ndi mafilimu. Pomaliza amazimitsa Windows Update, ati isamadye bandulo, mwini wake n'kuthokoza. Vuto limayambira pomwepo.

Vairasi ya mtundu wa worm sidikira kuti mudine chilichonse. Imayenda yokha pa netiweki, kufufuza kompyuta yomwe ili ndi mpata wosatseka, n'kulowa, n'kuyamba kusaka ina. Mukalumikiza laputopu pa Wi-Fi ya kuofesi, ya kusukulu kapena pa hotspot yomwe mukugwiritsa ntchito anthu angapo, kompyuta imodzi yodwala ndi yokwanira.

Zoyamba n'zachidule. Mafayilo ofunika muwakopere pa hard drive yapadera, ndipo mukamaliza muizule. Firewall ya Windows ikhale yoyatsa. Netiweki iliyonse yomwe si ya kwanu muiike pa Public. Windows 10 ndi 11 zili kale ndi Microsoft Defender yaulere, ndiye musavutike ndi antivayirasi yakuba yomwe inatha ntchito zaka zitatu zapitazo.

Tsopano pomwe ambiri amalakwitsa: ma update.

Mu May 2017, WannaCry inagwira makompyuta m'mayiko oposa 150, mpaka zipatala zina ku Britain zinabweza odwala. Inkalowera pa mpata wa mu Windows, pa port 445 yomwe makompyuta amagawanira mafayilo. Chowawa n'chakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka mpatawo mu March chaka chomwecho. Ambiri omwe anagwidwa ndi omwe sanachiike. Conficker ya mu 2008 nayo inayenda chimodzimodzi: chigamba chinalipo, anthu sanachiike. Kudalira antivayirasi pa Windows yopanda ma update kuli ngati kuweta galu wolusa khola la mbuzi lili logumuka kumbuyo.

Chitani izi. Gulani bandulo ya usiku ya Airtel kapena TNM, ya ma gigabyte asanu kapena kuposerapo ngati kompyuta yatha chaka osalandira ma update. Mtengo umasinthasintha, ndiye konzekerani ndalama zokwanira. Mukuona ngati zambiri? Kufomata kompyuta ikagwidwa ndi vairasi nako kungakudyereni ndalama, ndipo zithunzi za ukwati ndi ma CV sizibwerera.

Tchajani batire lidzaze. Ngati yanu ndi desktop, dikirani nthawi yomwe magetsi a ESCOM akhazikika, chifukwa akathima ma update ali pakati, Windows ikhoza kukana kuyaka. Lowani mu Settings, pitani pa netiweki yomwe mwalumikiza, ndipo muzimitse Metered connection. Ikakhala yoyatsa, Windows imasiya kutsitsa ma update ambiri, inu n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Kenako pitani pa Windows Update, dinani Check for updates.

Musathere pomwepo. Ikamaliza kutsitsa imapempha Restart, ndipo anthu amadina "nthawi ina" kwa miyezi, akumangopinda chivindikiro cha laputopu. Chigamba chomwe chikudikira Restart sichinayambe kugwira ntchito. Yambitsaninso kompyuta, mubwerere pa Windows Update, mudinenso Check for updates. Bwerezani mpaka italemba kuti You're up to date. Ndikubwereza: kutsitsa kokha si kutseka mpata. Zingatenge usiku wonse, makamaka kumidzi komwe netiweki imachita kusakidwa pachulu. Ngati kwanu n'kovuta, nyamulani laputopu tsiku lomwe mukupita pa boma.

Batani la Check for updates likakana kudinika, kapena likamangotulutsa uthenga wofiira, ndiye kuti wokonza uja anaitsekeratu mkati. Mubwerere kwa iye akaitsegule muli pomwepo. Akayamba zoti ma update amachedwetsa kompyuta, musamvere. Nthawi zambiri akuopa kuti Windows yakuba yomwe anaika idziwika.

Pali makompyuta ena omwe ngakhale mudine chotani sadzalandiranso chigamba. Windows XP inasiyidwa mu April 2014, Windows 7 mu January 2020, ndipo Windows 10 pa 14 October 2025, pokhapokha mutalembetsa ku ndondomeko yowonjezera ya ESU. Ngati makina anu sangakwanitse Windows 11, ikanimo Linux Mint yomwe ndi yaulere, apo ayi muwagwiritse ntchito polemba ndi kuonera mafilimu basi, osawalumikiza pa netiweki.

Fulashi nayo ndi njira ina yomwe vairasi imalowera. Ikachokera kosindikiza mapepala kapena kokopetsa nyimbo, musaitsegule msanga: dinani batani lakumanja la mbewa, musankhe Scan. Mukaona mafoda anu asanduka ma shortcut okhala ndi kamuvi pakona, musadine ngakhale limodzi.

Ngati kompyuta yagwidwa kale, zimitsani Wi-Fi ndi kuzula chingwe nthawi yomweyo, musalowetsemo fulashi ya munthu wina, ndipo mapasiwedi a banki ndi imelo muwasinthire pa foni. Microsoft imatulutsa zigamba Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Sabata imeneyo muzipatula bandulo.