Zithunzi Zimene Zinateteza Yellowstone

Ku America kuli malo otchedwa Yellowstone. Kumeneko kuli mathithi, zigwa zakuya ndiponso akasupe oponya madzi otentha m'mwamba. Kale alenje akamasimba za maloŵa, anthu ambiri ankati ndi bodza.

M'chaka cha 1871 boma linatumizako gulu la akatswiri. Pagululo panali Thomas Moran, wojambula ndi utoto, ndi William Henry Jackson, wojambula ndi kamera. Masiku amenewo kamera sinkaonetsa mitundu ya zinthu. Choncho Jackson ankatola maonekedwe a mapiri ndi zigwa, pamene Moran ankasunga mitundu yake pamapepala.

Aphungu a Nyumba ya Malamulo ataona zithunzizo anakhulupirira. Mu 1872 anakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa malowo kapena kumangapo midzi.

Atabwerera kwao, Moran ankayang'ana zithunzi za Jackson kuti asaiŵale maonekedwe a chigwa chachikulu cha Yellowstone. Anachijambula bwino lomwe, ndipo boma linagula chithunzicho.

Mafunso
1. Chifukwa chiyani anthu sankakhulupirira alenje?
2. Kodi zithunzi za Jackson zinamthandiza bwanji Moran?
3. Jambulani malo okongola a kwanu.