Ndigule ampulifaya iti yoti iyimbitse masipika anga?



Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala ku Lituhi, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Ruhuhu umathira m'nyanja. Malemu achimwene anga adandisiyira masipika awiri akuluakulu a matabwa omwe adabwera nawo kuchokera ku Johannesburg. Kumbuyo kwake kwalembedwa 8 ohms, 80 W. Ampulifaya yake idapsa kalekale. Mwana wanga ali ku Dar es Salaam, ndiye akuti ku Kariakoo wapeza ina yolembedwa 3000 W yotchipa, komanso Sansui yakale yochokera ku Japan yomwe ndi yodulirapo. Ine ndimangofuna kumvera makwaya madzulo ndi nkhani pa wailesi. Magetsi tili nawo koma amathimathima, ndiye ndilinso ndi sola ndi batire. Ndimuuze agule iti?

Wowerenga wanu, Lituhi

Bambo,

Muimbireni mwanayo lero lomwe, ndalamazo ayambe wazisunga kaye.

Choyamba tigwirizane chomwe mukufuna. Masipika anuwo alibe mphamvu yawoyawo ngati masabufa omwe adzaza m'mashopu a ku Songea ndi ku Mbinga. Amafunika ampulifaya yomwe amalonda amaitcha integrated, kutanthauza bokosi limodzi lomwe lili ndi mbali yosankhira chomvera ndi kukweza voliyumu, ndiponso mbali yokankha masipika. Zogula mabokosi awiri osiyana zisiyireni eni maholo.

Ya 3000 W ija ndi nambala yokopera ogula basi. Muuzeni mwanayo aitembenuze, awerenge pafupi ndi pomwe chingwe chamagetsi chimalowera. Kawirikawiri mupeza palembedwa kuti imadya mawati 50 kapena 60. Nanga chodya 60 chingatulutse bwanji 3000? Nambala zikuluzikuluzo zimakhala za PMPO, muyeso womwe aliyense amalemba mmene wafunira. Muyeso woona ndi RMS, ndipo umatchula mawati a sipika imodzi pa ma ohms akutiakuti. Mwachitsanzo Yamaha A-S301 imalembedwa 60 W mbali iliyonse pa 8 ohms, ndipo imeneyo imatha kugwedeza malata a nyumba. Ya 3000 W ija aitengenso m'manja. Ampulifaya ya mtundu wakale ikakhala yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndiye kuti thiransifoma yake ndi kachidole.

Ndipo mawati sachita zomwe anthu ambiri amaganiza. Kuchoka pa 30 kufika pa 60, khutu limangomva kusintha pang'ono chabe. Kuti phokoso limveke ngati lawirikiza kawiri pamafunika mphamvu yochuluka kakhumi. Munthu womvera kwaya pabalaza, madzulo kunja kuli zii, nthawi zambiri sadutsa mawati awiri kapena atatu. Masipika anu akwana bwino ndi 30 mpaka 60 RMS. Chomwe chimaotcha masipika kawirikawiri ndi kukweza kaampulifaya kofooka mpaka mawu ayambe kusweka, ndiye kasipika kakang'ono ka pamwamba, katwita, kamapsa. Mukamva mawu akusasa, tsitsani.

Sansui ija ndikuidziwa chikoka chake, inenso ndidakulira pa zoterozo. Koma onetsetsani chinthu chimodzi. Magetsi a ku Japan ndi 100 V, a kuno ku Tanzania ndi 230 V. Yopangidwira msika wa ku Japan mukangoilumikiza pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa magetsi, mumva phu! kenako fungo. Ngati kumbuyo kwalembedwa 220 mpaka 240 V, bwino. Komabe ndi yokalamba, ilibe Bluetooth kapena polowetsa fulashi, ndipo ikadwala muyenera kuinyamula ulendo wa ku Mbinga kukasaka mmisiri.

Nkhani yaikulu kwa inu ndi magetsi, osati dzina la kampani. Ampulifaya zakalezo, za Class AB, pafupifupi theka la magetsi omwe zimadya limangosanduka kutentha. Mukaziyika pa inveta yotchipa, yosatulutsa magetsi osalala, thiransifoma imalira ng'ii usiku wonse, batire n'kutha msanga. Za Class D zimataya pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo zambiri zing'onozing'ono zimalandira magetsi a DC kuyambira 12 mpaka 24 V, kotero mutha kuzilumikiza ku batire mwachindunji, bola muike fyuzi pa waya wofiira. Ndisakunamizeni, pa 12 V ndi masipika a 8 ohms mupeza mawati osakwana 10 mbali iliyonse, ngakhale pabokosi alembe 50. Pa makwaya anuwo ndi okwanira. Magetsi akayaka, ikani adaputala ya 24 V, mphamvu ifika cha m'ma 30.

Tsiku la ukwati kapena anyamata a mganda akadzabwera kudzabwereka ampulifayayo, adzafuna kuwonjezera masipika ena pa mawaya omwewo. Awiri a 8 ohms pamodzi amakhala 4, zomwe ampulifaya zambiri zimapirira. Kupitirira apo akaneni, ngakhale akhale adzukulu anu.

Kunyanjako chinyezi chimadya polumikizira mawaya, ndipo nkhungu ndi mphemvu zimakonda kulowa m'mabowo a mpweya. Ampulifayayo iikeni pa shelefu, kutali ndi windo ndi nyale, pamwamba pake osayalapo kansalu kokongoletsa pamene ikuimba. Nyengo ya mvula, mphezi zikayamba, zulani pulagi, kungozimitsa sikokwanira.

Ine ndikanakhala inu, ndikanasiya zonse ziwirizo n'kugula ya Class D yolandira 12 mpaka 24 V, yokhala ndi Bluetooth ndi polowetsa wailesi, pamodzi ndi adaputala yake. Mwanayo aiyesetse pa shopu pomwepo ndi sipika ya 8 ohms kwa mphindi khumi, mbali zonse ziwiri, asanapereke ndalama, ndipo atenge lisiti.