Mmene mungalembere matenda pa manambala atsopano a ICD-11

Bungwe la WHO linavomereza mndandanda watsopano wa manambala a matenda, ICD-11, mu Meyi 2019, ndipo unayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022 m'malo mwa ICD-10. Kwa inu ogwira ntchito m'zipatala za ku Limbuli ndi Muloza m'boma la Mulanje, komwe odwala amachokera m'maesiteti a tiyi, m'midzi komanso ku Milange m'dziko la Mozambique, dziwani ichi: nambala imalondola pokhapokha mawu amene mwalemba ali omveka. Malipoti anu akalowa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yosunga malipoti a zaumoyo, ndiwo amathandiza kuona mankhwala amene akufunika ku Mulanje.

1. Funsani kaye ku ofesi ya zaumoyo ya boma kuti mndandanda wogwiritsidwa ntchito pachipatala panu ndi uti. Musasakanize ICD-10 ndi ICD-11 m'kaundula mmodzi.

2. Lembani dzina lonse la matenda m'buku la wodwala ndi m'kaundula musanafufuze nambala. Kutentha thupi ndi chizindikiro chabe. Ngati mwayeza magazi, lembani zimene mwapeza, chifukwa malungo a falciparum ndi 1F40, pomwe malungo osatsimikizidwa ndi kuyeza ndi 1F45.

3. Zolowerani maonekedwe atsopano. Kolera inali A00, tsopano ndi 1A00. Kuthamanga kwa magazi kunali I10, tsopano ndi BA00. Mu manambala a ICD-11 zilembo O ndi I mulibemo, kuopa kuti zingafanane ndi 0 ndi 1.

4. Pa HIV samalani kwambiri. ICD-11 imasiyanitsa wodwala amene alinso ndi chifuwa chachikulu, 1C60, amene alinso ndi malungo, 1C61, ndi amene alibe zonsezi, 1C62, ndipo imafunanso siteji ya matendawo. Dokotala akasiya kulemba siteji, kalaliki asaganizire yekha, abwerere akafunse.

5. Musafufuze pamalo akale. Sitiroko inachoka m'gulu la matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi, ili m'gulu la matenda a ubongo. Chida chofufuzira cha WHO ndi chaulere pa intaneti: lembani dzina la matenda m'Chingerezi, werengani tanthauzo lake, kenako sankhani.

6. Pa chikalata cha imfa, musalembe kuti mtima unaima, pakuti aliyense womwalira mtima wake umaima. Yambani ndi chimene chamaliza munthu, mutsike mzere ndi mzere mpaka pa matenda amene anayambitsa zonse. Mzere wapansiwo ndiwo umawerengedwa.

7. Mwezi ukamatha, khalani pamodzi dokotala, namwino ndi kalaliki, mufananize kaundula ndi lipoti musanatumize. Pamene simukugwirizana, tsegulaninso kaundula wa tsikulo, mukonze limodzi ndi amene anaona wodwalayo.