Tapatsidwa nyumba yoti ikhale laibulale ya mudzi, tiyambire pati?

Alangizi,

Ndine mlembi wa kalabu ya achinyamata kufupi ndi Namitambo m'boma la Chiradzulu. Ambiri mwa ife tinalemba mayeso a Fomu 4 koma tangokhala pakhomo. Pakati pathu pali atelala awiri, mnyamata wolemba zikwangwani, oimba, ndi gulu la zisudzo lomwe limakonzekera masewero ake pansi pa mtengo wa mango. Agogo ena aamuna atipatsa nyumba ya zipinda ziwiri yomwe kale inali golosale yawo, kuti tiikemo laibulale komanso pogwirira ntchito zathu zaluso. Ananena pakamwa, tonse tikumva.

Chikutiopsa n'chakuti zaka zapitazo kunabwera makatoni a mabuku pasukulu ina yapafupi. Anatsekeredwa mu ofesi, kiyi ali ndi munthu mmodzi, ndipo tsiku lotsegula anapeza chiswe chitadya ambiri. Ifenso tayamba kale kukangana. Ena akuti tilembe makalata opempha mabuku ndi makompyuta, ena akuti tipite kwa phungu. Oimba akufuna chipinda chachikulu, ofuna kuwerenga akukana phokoso. Tiyambire pati kuti malowa akhale a mudzi wonse, osati a munthu mmodzi?

Mlembi wa kalabu, Namitambo

Achemwali,

Kalata yanu yandisangalatsa, koma pali mawu amodzi amene andiimitsa mutu: mwati agogowo ananena pakamwa. Musanalembere aliyense kalata yopempha buku, bwererani kwa agogowo mukawafunse mwaulemu kuti malo amene pali golosaleyo ndi a yani.

Ndikufunsa chifukwa kwanu ku Chiradzulu, kaya ndi kwa Alhomwe, Ayawo kapena Amang'anja, malo ambiri amayenda ndi mbumba. Ngati agogowo anabwera kudzakwatira pamudzipo, akhoza kukhala kuti njerwa ndi malata ndi zawo, koma dothi ndi la akuchikazi. Mkamwini sapereka malo a eni. Ngakhale atakhala kuti ndi kwawo kwenikweni, alipo alongo awo ndi ana a alongowo amene ali ndi mawu. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma amene anthu ndi othithikana kwambiri m'dziko muno, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine momwe mzere umodzi wa m'malire a munda umafikitsira abale kubwalo la amfumu. Lero nyumbayo ndi bwinja, palibe akuifuna. Mukadzaikonza denga, kuipaka laimu ndi kuikapo sola, adzatulukira adzukulu amene simunawaonepo. Nthawi imeneyo agogo mwina adzakhala atatsogola, ndipo mawu apakamwa adzakhala atapita nawo.

Choncho itanani mwinimbumba, amayi a pabanjapo, nyakwawa ndi agulupu. Mulembe pepala lonena momveka kuti nyumbayo akukupatsani kapena akukubwerekani, kwa zaka zingati, ndiponso kuti zomwe mudzawonjezerepo zidzakhala za yani mukadzachoka. Onse asayine kapena adinde chala, amfumu adindepo chidindo, ndipo pepalalo likhale m'manja mwa anthu atatu osiyana. Kubwereka kwa zaka 10 kolembedwa n'kwabwino kuposa mphatso yamuyaya yapakamwa. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola kulembetsa malo otere, ndipo a ofesi ya zamalo kukhonsolo ya boma lanu akhoza kukuuzani ndondomeko yake.

Funso lachiwiri ndi lakuti pepalalo lilembedwa m'dzina la yani. Lisakhale dzina la wapampando wanu, ngakhale ali munthu wabwino chotani. Achinyamata sakhalitsa. Chaka chamawa wina adzakwatiwa ku Limbe, wina adzapita ku Joni, wina adzapeza malo kukoleji. Kalabu ya achinyamata yokha singanyamule laibulale. Pakufunika komiti imene muli inuyo, mphunzitsi, mayi wa m'gulu la banki m'khonde, woimira tchalitchi ndi woimira mzikiti, ndi mmodzi wochokera ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC). Amayi asachepere theka. Amfumu akhale mkhalapakati wothetsa mikangano, koma asasunge ndalama kapena kiyi, kuti pakadzabuka nkhani mudzakhale ndi kokadandaula.

Lembani malamulo anu m'Chichewa, masamba awiri kapena atatu, ndipo muwawerenge mokweza pamsonkhano wa mudzi. Anene m'mene komiti imasankhidwira, zaka zomwe imakhala, amene amasayinira ndalama, ndi komwe katundu adzapite gulu likadzatha. Mfundo yomalizayi anthu amaithawa poganiza kuti n'kulodza ntchito, chonsecho ndi imene imaletsa munthu kunyamula makina osokera kupita nawo kwawo ponena kuti ndi malipiro a thukuta lake. Mukatero kalembetseni ngati bungwe la m'mudzi, CBO, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma. Poyambira zimenezi n'zokwanira. Mukadzakula n'kufuna kukhala ndi malo kapena katundu wamkulu m'dzina la gulu, pali njira yolembetsa matrasti pansi pa Trustees Incorporation Act kudzera kwa Registrar General. Musathamangire kudzitcha NGO, chifukwa kumeneko kuli malipoti ndi ndalama zolipira chaka ndi chaka zomwe simungazikwanitse pano.

Za ndalama ndinena mwachidule. Tsegulani akaunti kubanki yosayinira anthu atatu ochokera m'mabanja osiyana. Ndalama za gulu zisagone mu Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi. Mwezi uliwonse matani pakhoma pepala la zolowa ndi zotuluka, ngakhale zitakhala zochepa zochititsa manyazi.

Tsopano mkangano wa oimba ndi owerenga. Ine sindikuona kuti mbali ina iyenera kugonja, ndipo kwanuko muli nacho chitsanzo chakale. M'busa John Chilembwe atabwera kuchokera ku Amerika mu 1900 anakhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe n'kuitcha Providence Industrial Mission (PIM). Mawu apakatiwo amanena za ntchito zamanja. Iye ankafuna kuti munthu adziwe kuwerenga, adziwenso kusoka, kulima ndi kumanga, zonse pamalo amodzi. Boma la atsamunda linagwetsa tchalitchi chake itachitika nkhondo ya Chilembwe ya mu 1915, koma Dr Daniel Malikebu anadzatsegulanso mishoniyo mu 1926, ndipo PIM ilipo mpaka lero chifukwa panali anthu amene ankaiona kuti ndi yawo. Zomwe mukuganizazi si zachilendo ku Chiradzulu.

Phokoso limathetsedwa ndi wotchi. Chipinda chamkati, chomwe chili ndi chitseko cholimba, chikhale cha mabuku. Chakutsogolo ndi khonde zikhale za atelala ndi wolemba zikwangwani, chifukwa iwo akufunika kuonekera kwa odutsa. Makina osokera sasokoneza wowerenga. Ng'oma ndi gitala ndizo zipatsidwe masiku ake, mwina Lachitatu ndi Loweruka masana, ndipo miyezi ya mayeso oimba abwerere kaye pansi pa mango paja. Atelala azilipira kangachepe pamwezi. Ndalama imeneyo, pamodzi ndi ya kutchajitsa mafoni mukadzapeza sola, ndi imene izigula choko, loko, mankhwala a chiswe ndi sopo wa munthu wotsegula chitseko. Koma kulowa n'kuwerenga kukhale kwaulere. Mukaika mtengo pakhomo, mwana amene mukumufuna kwambiri ndi amene adzabwerere panjira.

Munthu wotsegula chitsekoyu ndimuikire mtima, chifukwa makatoni a pasukulu paja sanaphedwe ndi chiswe chokha. Anaphedwa ndi mantha akuti mabuku akabwerekedwa atayika. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, koma kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale kanamulola kubwereka mabuku ngakhale sanali mwana wa sukulu. M'buku lina la sayansi anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo, n'kupanga ake opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Wosunga mabuku wa kalaibulaleko akanati abwereke ovala yunifolomu okha, dziko silikanamumva. Sankhani anthu awiri kapena atatu osinthana, aliyense ndi kiyi wake, ndipo nthawi yotsegula ilembedwe pachitseko. Ndi bwino kulonjeza masiku atatu pamlungu n'kumatseguladi kusiyana ndi kulonjeza masiku onse anthu n'kumapeza loko. Mabuku ena adzatayika, musadabwe. Kaundula wa obwereka, wokhala ndi dzina, mudzi ndi mboni, amachepetsa vutoli. Muzitseka dzuwa lisanalowe kuti makolo asaletse ana awo aakazi kubwera, ndipo mwana asamatsale yekha m'chipinda ndi munthu wamkulu.

Mabuku ndawaika kumapeto dala. Yambani ndi omwe ali kale m'midzi mwanu: m'masutukesi a aphunzitsi opuma, kwa amene analemba mayeso chaka chatha, kwa abale okhala ku Blantyre. Munthu amene waperekako buku lake amayang'anira laibulale ngati nkhokwe yake. Kenako pitani ku National Library Service, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo ili ndi laibulale ku Blantyre. Iwo amathandiza malo owerengera a m'madera, ndipo amalandira mabuku kuchokera ku mabungwe ngati Book Aid International a ku London. Mukapite ndi pepala la nyumba, malamulo anu ndi chithunzi cha mashelefu, mukapemphenso kuti akuphunzitseni kasungidwe ka mabuku. Yunivesite ya Katolika ili pa Nguludi pomwepo, kagogodeni, mwina ophunzira ena angadzipereke kudzathandiza ana Loweruka.

Musalandire katoni iliyonse chifukwa choti ndi yaulere. Pemphani zomwe anthu adzawerengedi: mabuku a silabasi ndi mapepala a mayeso akale, a ulimi wa nandolo, tomato ndi ziweto, a zaumoyo, a zithunzi a ana aang'ono, ndi nyuzipepala. Mufunefune mabuku a Chichewa, monga Nthondo la Samuel Nthara, Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe ndi Njala Bwana la Willie Zingani, kuti agogo amene akupatsani nyumba apezemo choti mdzukulu awawerengere. Gulu lanu la zisudzo lizilemba masewero ake m'makope n'kuwaika pashelefu, muzilembanso nthano ndi mbiri za midzi yanu kuchokera kwa akuluakulu. Zimenezo palibe bungwe lakunja lingakutumizireni. Chenjezo limodzi: kufotokopa buku lonse n'kumagulitsa n'kuphwanya lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo mukafuna kumaonetsa makanema kapena kuchititsa zoimbaimba zolipiritsa, funsani kaye a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso.

Mashelefu atalikirane ndi khoma ndiponso akwere kuchoka pansi. Munaona nokha zomwe namondwe Freddy anachita m'boma lanu mu Malichi 2023. Ndalama yoyamba ipite kudenga ndi ngalande yozungulira nyumba, kompyuta idikire. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Phungu ndi khansala muwaitane, ndi atsogoleri anu, ndipo akapereka malata mulandire n'kulemba m'kaundula ngati mphatso ina iliyonse. Koma khoma lisapakidwe utoto wa chipani, ndipo laibulale isatchedwe dzina la munthu wandale. Itchuleni dzina la mudzi, la phiri kapena la mtsinje wanu.

Mlungu uno musalembe kalata yopempha chilichonse. Pitani kwa agogo aja ndi mwinimbumba wawo, mukhale pansi. Pepala la nyumba likasayinidwa mundilemberenso, tidzathandizane kulemba malamulo a gulu lanu.

Mlangizi wanu