Chiyankhulo cha Mlendo m'Zolemba za Diriye Osman ndi Abdellah Taïa

M'nkhani ino tiona m'mene alembi awiri achisilamu, amuna okonda amuna anzawo amene akukhala kunja kwa maiko awo, amasankhira chiyankhulo cholembera. Funso lathu ndi lakuti: munthu akafuna kunena chinthu chimene kwawo amati ndi malaulo, amachinena m'chiyankhulo chiti?

Funsoli si lachilendo kwa ife a ku Nkhulambe. Ambiri ndife Alomwe, makolo athu anachokera ku Mozambique, ndipo lero timayankhula Chichewa. Komabe agogo anga akapsa mtima kapena akamalira maliro, Chilomwe chimangotuluka chokha. Mlendo amasunga mawu ena pansi pa mtima.

Diriye Osman anabadwira ku Mogadishu mu 1983. Nkhondo itabuka banja lake linathawira ku Nairobi, kenako ku London. Buku lake la nthano zifupizifupi, Fairytales for Lost Children, linatuluka mu 2013 ndipo chaka chotsatira linapata mphoto ya Polari. Analilemba m'Chingerezi, koma Chingerezicho n'chothira mawu a Chisomali, Chiswahili ndi Chiarabu. Kwa ine, mawu amenewa si zokometsera chabe. Abale ake anamukana atawauza zoona, koma iye akuonetsa kuti chiyankhulo cha pakhomo ndi cha pemphero palibe amene angamulande.

Nkhani ya Abdellah Taïa ndi yowawa kwambiri. Iye anakulira m'banja losauka ku Salé, m'dziko la Morocco, kumene pakhomo ankayankhula Chiarabu cha anthu wamba pomwe Chifalansa chinali cha olemera. Anasamukira ku Paris kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2006 anaulula poyera kudzera m'magazini ya TelQuel kuti amakonda amuna. Mu 2009 magazini yomweyo inasindikiza kalata yake yofotokozera mayi ake za moyo wakewo. Apa mpamene pagona nkhani: kalatayo inali m'Chifalansa, ndipo mayiwo sankadziwa kuwerenga. Tsono kalatayo inali yopita kwa yani? Ine ndikuona kuti Chifalansa chinamupatsa mpata wonena zimene pakamwa sipakanatha kutchula pamaso pa kholo, koma mpata womwewo unamutalikitsa ndi munthu amene ankafunitsitsa kuti amve. Dziko lonse linawerenga. Mwini kalata anayenera kuchita kuuzidwa ndi ena.

Vutoli ndakumana nalo polemba nkhani ino. Mawu oti mathanyula, amene ambiri timawadziwa, ndi chitonzo, n'chifukwa chake ndazungulira ndi mawu ataliatali. Ndiponso kuno gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14, ndipo mu June 2024 khoti linakana kulichotsa. Msilamu wa ku Mangochi amene ali ku Johannesburg atafuna kulembera mayi ake kalata ngati ya Taïa, m'Chiyao kapena m'Chichewa, angayambe ndi kusaka dzina loti adzitchule nalo.