Ukwati ndi Kungolowana: Zimene Lamulo Linena

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi alipo anthu ambiri amene akhala m'nyumba imodzi ngati banja, koma sanapite kwa ankhoswe, ku tchalitchi kapena ku Boma. Onse awiri akali moyo, palibe amene afunsa kanthu. Mavuto ayamba tsiku limene mmodzi wamwalira, ndipo abale ake afika kudzawerenga mbuzi, njinga ndi malata a nyumba. Phunziro la mwezi uno lifotokoza kusiyana kwa ukwati ndi kungolowana, ndiponso zimene lamulo linena za amuna okhaokha kapena akazi okhaokha okhalira pamodzi.

1. Mitundu inayi ya ukwati

Lamulo la Ukwati, Kusudzulana ndi za Banja linakhazikitsidwa m'chaka cha 2015. Lamuloli livomereza mitundu inayi ya ukwati: wa kwa Bwana D.C., wa mwambo wa makolo monga chinkhoswe, wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndi wa anthu amene akhala pamodzi nthawi yaitali kufikira mudzi wonse uwadziwa ngati banja. Mitundu yonseyi ili ndi mphamvu yofanana, ndipo chikamwini ndi chitengwa zonse zili m'gulu la mwambo wa makolo. Okwatirana ayenera kukhala mwamuna ndi mkazi, anzeru zabwino, ndiponso okwanitsa zaka 18.

2. Ongolowana

Mtundu wachinayi usiyana ndi inzake pa chinthu chimodzi chachikulu. Ulibe kalata kapena nkhoswe woikira umboni, chotero sukhala ukwati kufikira bwalo la milandu litanena kuti ndi ukwati. Woweruza ayamba wafunsa ngati awiriwo akhala pamodzi zaka zosachepera 5. Kenaka aona ngati anali kugona m'nyumba imodzi, kuthandizana pa ndalama, kupeza katundu pamodzi, kulera ana, ndiponso ngati anthu a m'mudzi anali kuwayesa banja.

Tsono tiyerekeze mayi wina wa kwa Chakhaza amene analowana ndi mlimi wa fodya. Analima pamodzi zaka zitatu, nagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo. Mwamunayo akamwalira, mayiyo sangayesedwe mkazi wa ukwati, pakuti zaka 5 sizinakwane. Ana ake adzalandira gawo lawo, chifukwa mwana ndi mwana ngakhale anabadwa kunja kwa ukwati, koma iye mwini adzavutika kusonyeza kuti thukuta lake lili pa ngoloyo. Akadakhala kuti anaitana ankhoswe chaka choyamba, mlandu wake ukadakhala wapafupi.

3. Chuma cha masiye

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linena kuti munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndiwo mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi ena amene anali kudalira iye. Wamasiye asunga katundu wa m'nyumba mwake. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo ku ndende. Apa ndipo paonekera phindu la ukwati wodziwika: wamasiye safunikanso kutsimikiza kuti iye ndani.

4. Amuna okhaokha ndi akazi okhaokha

Nanga amuna awiri kapena akazi awiri akakhala pamodzi ngati banja? M'Malawi mulibe ukwati wa anthu otere, ndipo mulibenso kaundula wolembamo mgwirizano wawo. Ngakhale akhale pamodzi zaka 20, njira ya zaka 5 ija siwakhudza, pakuti lamulo la 2015 lidziwa ukwati wa mwamuna ndi mkazi wokha. Mmodzi akamwalira osasiya wilo, wotsalayo sayesedwa wamasiye.

Kuonjezera apo, gawo 153 la malamulo a zilango liika chilango cha zaka 14 m'ndende pa kugonana kumene litcha kosemphana ndi chilengedwe. Gawo 156 liika zaka 5 kwa amuna, ndipo gawo 137A, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu December 2010, liika zaka 5 kwa akazi. Mu December 2009 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe ku Blantyre, nagwidwa. Pa 20 May 2010 anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka 14, koma pa 29 May chaka chomwecho Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon, amene anali mlembi wamkulu wa United Nations. Pa 28 June 2024 bwalo lomasulira malamulo aakulu a dziko linakana pempho lakuti magawo 153 ndi 156 achotsedwe.

Komatu pali chinthu china chofunika kuchimvetsa bwino. Malamulo amenewa sapatsa munthu aliyense mphamvu ya kumenya mnzake, kumuotchera nyumba kapena kumulanda katundu. Malamulo aakulu a dziko a 1994 apatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi chuma chake, ndipo wolanda kapena womenya aimbidwa mlandu, kaya wamenya yani.

5. Za ku Joni

Amalawi ambiri agwira ntchito ku South Africa, ndipo abwera ndi nkhani zakuti kumeneko zinthu ziyenda mwina. Izi nzoona. M'chaka cha 2005 bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti kukaniza amuna okhaokha kapena akazi okhaokha kukwatirana ndi tsankho, ndipo lamulo latsopano linayamba kugwira ntchito pa 30 November 2006. Pa lamulo limenelo anthu awiri asankha okha ngati kalata yawo ilembedwe ukwati kapena mgwirizano, koma mphamvu yake ndi imodzi pa chuma, pa kusudzulana ndi pa masiye. Chotero kusiyana kwenikweni sikuli pa dzina ayi, koma pakati pa olembetsa ndi osalembetsa. Munthu asadalire kalata yotere kuti idzamtetezera chuma chimene chili ku Ntchisi, pakuti lamulo la kuno ndi lina.

6. Zoyenera kuchita

Mwamuna ndi mkazi amene anangolowana achita bwino kuitana ankhoswe, ndi kukalembetsa ukwati wawo kwa Mfumu Yaikulu ya dera lawo, kwa mbusa kapena kwa Bwana D.C.

Munthu aliyense wa zaka 18, wokwatira kapena wosakwatira, angathe kulemba wilo. Ailembe papepala, naisaine pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisainenso. Ndi bwino kuti mboni zikhale anthu amene sadzalandira kanthu m'wiloyo. Mwa njira imeneyi munthu angasiyire katundu wake yense amene amfuna, ngakhale si mbale wake. Koma asamane ana ake kapena mkazi wake wa ukwati, pakuti bwalo lingathe kuwapatulira gawo.

Anthu awiri akasonkherana kugula chigayo, njinga yamoto kapena ng'ombe, maina onse awiri alembedwe pa kalata yogulira, ndipo kalatayo isungidwe pouma.

Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga apemphedwa kufotokozera anzawo phunziro limeneli pa misonkhano ya m'midzi. Amene ali ndi funso apite ku ofesi ya Bwana D.C. ku Dowa kapena ku Ntchisi, kapena kwa kalaliki wa bwalo la milandu, asanafike pa tsiku la maliro. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.